Jelo wa shuga woti akumeretsa tsitsi padazi uja, alipo anawerenga kafukufuku wake?

Dazi_Loyamba:

Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 29 koma tsitsi layamba kubwerera m'mbuyo m'makona mwa chipumimu komanso paliwombo pakuoneka khungu ndikajambulitsa chakumwamba, bambo anga ndi amalume onse ndi a dazi nde ndikudziwa komwe zikupita. Minoxidil, mankhwala opaka omeretsa tsitsi aja, ndinamvapo koma chimene chikundigwetsa ulesi nchoti akuti ukangosiya kupaka tsitsi lonse lomwe linamera limayoyokanso, ndiye kuti ndi ukwati wa moyo wonse ndi kabotolo.

Pano pa TikTok ndi YouTube pali mavidiyo ambirimbiri okamba za shuga wina wake dzina lake 2-deoxy-D-ribose, akuti asayansi a ku University of Sheffield ku England limodzi ndi anzawo a ku COMSATS University ku Pakistan anapeza kuti ukamupaka ngati jelo amameretsa tsitsi mofanana ndi minoxidil, ndiponso akuti ndi shuga woti ali kale m'thupi mwathu, ndi amene ali mu DNA, nde sangakupweteke. Ena afika poyamba kugulitsa ma seramu ake pa intaneti ndi zithunzi za kale ndi pano zooneka bho kwambiri.

Funso langa ndi loti kodi munthu wamba ngati ine, amene sindinapange za sayansi, ndingadziwe bwanji kuti kafukufuku ngati ameneyu ndi wogwirika kapena ndi phokoso chabe? Sindikufuna kuti mungondiuza kuti gula kapena usagule ayi, ndikufuna ndidziwe poyang'ana, chifukwa mwezi uliwonse kumatuluka mankhwala atsopano a dazi ndipo onse amati uyu nde womaliza.

wa_mu_Labu:

Achimwene mwafunsa bwino, ine pepalalo ndinaliwerenga, linatuluka mu 2024 mu magazini ya Frontiers in Pharmacology ndipo ndi laulere aliyense atha kulitsegula. Choyamba chimene mavidiyo aja amathamangira osachinena bwinobwino nchakuti sanayesere pa munthu olo mmodzi, anayesera pa mbewa za mu labu. Anatenga mbewa zazimuna, nkuzipatsa testosterone, homoni yachimuna ija, kuti ubweya uzichedwa kumera, nkuzichotsa ubweya kumsana, kenako nkumapaka jelo uja tsiku ndi tsiku kwa masabata pafupifupi atatu. Zina anazipaka minoxidil, zina jelo wopanda mankhwala, zina shuga uja ndi minoxidil pamodzi. Zotsatira zake nzoti mbewa za shuga uja zinameradi ubweya moyandikira za minoxidil, ndipo kuphatikiza ziwirizo sikunawonjezere kanthu kooneka. Eni akewo akuganiza kuti shugayu amathandiza kuti timitsempha ta magazi tatsopano tipangike mozungulira mizu ya tsitsi, paja anazitulukira mwangozi pomwe ankafufuza za kupoletsa mabala, anangoona kuti ubweya wozungulira bala ukumera msanga.

Kafukufukuyo payekha si wabodza ayi, ndipo eni ake ananena okha kuti akadali koyambirira. Vuto ndi mbewayo. Mbewa siichita dazi ngati la munthu. Dazi lathuli limabwera chifukwa cha homoni yotchedwa DHT, imene thupi limapanga kuchokera ku testosterone, ndipo kwa anthu amene anatengera ku mtundu DHT imapangitsa kuti muzu wa tsitsi uzichepa pang'onopang'ono kwa zaka ndi zaka, tsitsi lokhuthala lija limasanduka kacheya kopyapyala kosaoneka, mpaka basi. Ndi chinthu cha zaka 10, 20. Pomwe mbewa ija ili ndi mizu yabwinobwino yomwe angoigoneka tulo kwa kanthawi ndi jakisoni, nde kuidzutsa si nkhani yovuta. Komanso kameredwe nkosiyana, kwa munthu tsitsi lililonse limayenda palokha, limakula zaka 2 mpaka 6, nkupuma miyezi ngati itatu, nkuthothoka, lina nkuyambanso, nchifukwa chake timataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku osazindikira nkomwe. Kwa mbewa ubweya wa dera lonse umagona limodzi nkudzukanso limodzi, ndipo olo kungoizula ubweya kokhako kumayambitsa kumera kwatsopano. Nchifukwa chake zinthu zambirimbiri zimagwira pa mbewa koma zikafika pa mutu wa munthu zii. Nyama yomwe imachitadi dazi lofanana ndi lathu ndi mtundu wina wa anyani wotchedwa stump-tailed macaque, koma kuyesera pa anyani nkodula ndiponso malamulo ake ndi ovuta nde ambiri amangothera pa mbewa.

Nde inu mukaona nkhani yatsopano musayambe ndi mutu wa nkhani, pitani pomwe alemba kuti anayesera pa ndani. Ngati ndi maselo a m'mbale ya mu labu kapena mbewa, ikani pambali muzidikira. Ngati ndi anthu, funsani kuti angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo panali gulu lina lopaka madzi omwewo koma opanda mankhwala? Gulu limeneli, la placebo, ndi lofunika koopsa pa nkhani ya tsitsi chifukwa olo anthu opaka zopanda mankhwala tsitsi lawo limawonjezekera pang'ono pa chiwerengero, kaya chifukwa chosisita mutu tsiku lililonse, kaya nyengo, kaya kawerengedwe. Ndipo wopakayo ndi wowerenga tsitsiyo onse asadziwe kuti botolo ili ndi liti mpaka pamapeto.

Kawerengedwe kenikeni amatere: amasankha kamalo kamodzi pamutu kokula ngati 1 cm mbali zonse, amaikapo kadontho ka tatuu kuti azibwerera pomwepo ndendende, amameta kamaloko, amajambula ndi kamera yokuza zinthu nkuwerenga tsitsi limodzilimodzi, makamaka lokhuthala osati cheya. Chitsanzo choti muziyerekezera nacho ndi kafukufuku wa minoxidil wa mu 2002, amuna 393 kwa masabata 48. Opaka ya 5% anawonjezera tsitsi pafupifupi 19 pa kamalo kaja, a 2% pafupifupi 13, a placebo pafupifupi 4. Mwaona? Mankhwala odziwika dziko lonse aja mphamvu yake ndi imeneyo basi, tsitsi khumi ndi kanthu pa kamalo. Nde wina akamakuonetsani dazi lonyezimira litasanduka nkhalango pa masabata asanu ndi limodzi muzidabwa, paja tsitsi limakula 1 cm yokha pamwezi.

Zoti ali kale m'thupi nde sangapweteke, imeneyo musaimvere. Insulin ali m'thupi, testosterone ali m'thupi, nkhani imakhala pa mlingo wake ndi pomwe wamuika. Chinanso, D-ribose yemwe amagulitsidwa ngati ufa wa ochita masewero olimbitsa thupi si yemweyo ndi 2-deoxy-D-ribose, mayina akufanana koma ndi zinthu ziwiri.

Mpala4Life:

kkkkk anyamata mukuvutikiranji, ine ndinangogula makina ometera basi nkhani inatha, mutu ukuwala mtima uli m'malo. Koma pa zithunzi za kale ndi pano zija nde ndiyankhepo chifukwa ndimajambula. Chithunzi choyamba amajambula tsitsi lili lonyowa kapena lopaka mafuta, getsi lili pamwamba penipeni kuti khungu liwale, munthu atawerama. Chachiwiri tsitsi louma, lakulako masabata angapo, lapesedwa chophimba, kuwala kukuchokera m'mbali. Munthu yemweyo tsiku lomwelo nditha kukupangirani zithunzi ziwiri zoti mulumbira kuti mankhwala agwira. Osanenanso za ka ufa kakuda kothira m'mutu kaja. Ndiye ngati umboni ndi zithunzi zokha za wogulitsa, ine ayi.

NaBanda_K:

Ine ndilowererepo ngati mzimayi chifukwa nkhani za tsitsi mumazikamba ngati ndi za abambo okha. Musanafike nkomwe pofunsa ngati kafukufuku ndi wabwino, funsani kaye ngati akukamba za vuto lanulo. Kuthothoka tsitsi kuli mitundu yambiri ndipo mankhwala a mtundu wina sagwira pa unzake. Pali dazi la ku mtundu lomwe achimwene akufotokozali, azimayinso limatigwira koma ife limayamba ndi kupyapyala pakati pamutu mzere wopesera nkumakula. Pali alopecia areata, ija tsitsi limachoka malo ozungulira ngati ndalama yachitsulo chifukwa chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi mizu yake yomwe, imeneyo mankhwala ake ndi ena, ku America anavomereza mapiritsi a baricitinib mu 2022, ndipo nthawi zambiri timadontho tating'ono timamera tokha popanda chilichonse, nde wina akapaka zakezake pamenepo nkumera amalumbira kuti wapeza mankhwala. Pali kuyoyoka kobwera miyezi iwiri itatu munthu atabereka, atadwala kwambiri, atachita opaleshoni kapena ayironi atachepa m'thupi, kumenekonso nthawi zambiri kumasiya kokha. Ndiye pali kothothoka m'mbali chifukwa chomanga kapena kuluka tsitsi mokoka kwambiri kwa zaka, ndi mtundu wina woyambira paliwombo wosiya zipsera womwe umapezeka kwambiri mwa azimayi akuda, umenewo muzu ukafa wafa, palibe chopaka chomwe chingaudzutse, nchifukwa chake kuchedwa kukaonana ndi dokotala wa khungu uku ukuyesa ma seramu a pa intaneti kumatayitsa.

Ndipo poti a wa_mu_Labu atchula za placebo, chitsanzo chabwino ndi mafuta a rosemary omwe atsikana tonse tinauzidwa kuti sayansi yatsimikiza. Nkhani yonse ija imachokera pa kafukufuku mmodzi wa ku Iran wa mu 2015, anthu 100, theka rosemary theka minoxidil ya 2% kwa miyezi 6, pamapeto nkuti magulu awiriwo sanasiyane. Koma taonani, gulu la placebo panalibe, anayerekeza ndi minoxidil yofooka ija osati ya 5%, ndipo onse anali amuna. Magulu awiri ang'onoang'ono akapanda kusiyana sizitanthauza kuti mankhwala onse agwira, zithanso kutanthauza kuti kafukufukuyo analibe mphamvu yoonera kusiyana, kapena kuti onse awiri sanachite zambiri. Koma pa intaneti zinangosanduka kuti rosemary ndi chimodzimodzi minoxidil, mpaka lero.

Chinanso chomwe ine ndimayang'ana ndi anthu omwe analowa mu kafukufukuyo, akhungu lanji, tsitsi lotani. Ambiri mwa makafukufukuwa amachitikira ku Ulaya, America, China, tsitsi lowongoka lochapidwa tsiku ndi tsiku. Mankhwala a madzi okhala ndi alcohol ndi propylene glycol kupaka kawiri patsiku pa tsitsi lathu lopotanali limauma nkumaduka, mutu nkumayabwa, munthu nkusiya pa mwezi umodzi, nde olo mankhwalawo akhale abwino bwanji ngati sungathe kumapaka ndi chabe.

Dazi_Loyamba:

Zikomo kwambiri nonse, achemwali mfundo ya mitundu ija sindinaiganizeko, langa likuoneka la ku mtundu ndithu koma ndikaonetsa kaye. A wa_mu_Labu nde za mbewa ndamva. Nanga mankhwala atsopano opaka otchedwa PP405? Ameneyo nde akuti ayesera pa anthu enieni, placebo inalipo, ndipo ndinaona kuti 31% ya amuna tsitsi linawonjezekera ndi zoposa 20% pomwe a placebo ndi 0. Zero yeniyeni! Apa nde zonse munanena zija zakwana eti? Kapena palinso pena pobisala?

wa_mu_Labu:

Ameneyo ali patsogolo kuposa shuga uja, zoona, ndipo inenso ndikumutsatira ndi chidwi. Ndi wa kampani ya Pelage Pharmaceuticals, maganizo ake anachokera ku UCLA, yunivesite ya ku America, ndipo njira yake ndi yosiyana ndi ena onse chifukwa salimbana ndi homoni, amasintha mmene maselo oyambitsa tsitsi a mu muzu amagwiritsira ntchito mphamvu kuti adzuke. Koma werengani chiganizo chija pang'onopang'ono. Kafukufukuyo ndi wa gawo la 2a, limodzi mwa magawo oyambirira oyesera mankhwala pa anthu ochepa, anthu onse analipo 78 amuna ndi akazi, anapaka kwa masabata 4 okha, ndipo cholinga chake chachikulu chinali kuona ngati mankhwalawo savulaza komanso ngati salowa m'magazi, osati kutsimikiza kuti amameretsa. Ndiye 31% ija si ya anthu 78 onse ayi, ndi ya amuna okhaokha, ndipo mwa amunawo ndi okhawo omwe dazi lawo linali lalikulu, ndipo mwa iwowo ndi okhawo omwe analandira mankhwala enieni. Mukamachotsera chonchi mutsala ndi kagulu kochepa zedi, koti munthu mmodzi kapena awiri atha kusuntha peresenti yonse. Nde funso nkumati, nanga ena onse aja zinawathera bwanji, gulu lonse la mankhwala poyerekeza ndi gulu lonse la placebo? Zimenezi zinalengezedwa ndi kampani yomwe mu 2025 kudzera mu chikalata cha kwa atolankhani, ndipo chikalata chotere amalemba ndi eni malonda, amasankha okha nambala yoti iwale, sichimadutsa m'manja mwa asayansi ena oti achikhwatche ngati mmene zimakhalira ndi pepala la mu magazini ya sayansi.

Kusankha kagulu pambuyo poona zotsatira ndi matenda akale mu kafukufuku. Ukagawa anthu m'timagulu tambiri, achinyamata, achikulire, dazi lalikulu, laling'ono, sabata ya 4, ya 8, ya 12, penapake upezapo pooneka bwino mwamwayi chabe. Sindikunena kuti iwowa anachita zimenezo, mwina anakonzeratu, koma njira yodziwira ilipo: pitani pa ClinicalTrials.gov, tsamba la pa intaneti lolembetserapo makafukufuku oyesera pa anthu, lembani dzina la mankhwala, muona zomwe analonjeza kuti adzayeza asanayambe, nkuyerekeza ndi zomwe akulengeza pano. Zikasiyana, pamenepo nde pofunsa.

Ndipo gawo lachiwiri kuoneka bwino si kuti zatheka. Pali KX-826, ena amati pyrilutamide, wa kampani ya Kintor ya ku China, wopaka woti azitchinga DHT pa muzu pomwepo. Gawo lachiwiri linaoneka bwino anthu nkuyamba kusangalala, koma atayesa gawo lachitatu pa amuna oposa 700 kwa masabata 24, kumapeto kwa 2023 kampaniyo inalengeza kuti kusiyana ndi placebo sikunafike poti nkunena kuti si mwayi chabe. Tsitsi linawonjezekera ndithu kwa opaka mankhwala, koma la a placebo linawonjezekeranso. Iwo anapitiriza kuyesa ndi mlingo wokwererapo, koma phunziro la chaka chimenecho ndi lomwelo la gulu loyerekezera lija. Kunalinso SM04554 wa kampani ya Samumed, anamveka zaka zingapo kenako anangomusiya.

Samalaninso ndi mawu oti kuposa placebo ka 5 kapena ndi 400%. Tingoyerekeza, a placebo awonjezera tsitsi 2 pa kamalo kaja, a mankhwala 10, pamenepo wotsatsa alemba kuti kasanu ndipo sananame, koma pamutu panu ndi tsitsi 8 pa malo omwe munthu wopanda dazi amakhala nalo loposa 100. Muzifuna nambala yeniyeni ya tsitsi osati peresenti ya peresenti. Komanso muone ngati anthu enieniwo atafunsidwa ananena kuti akuona kusintha pagalasi, chifukwa kamera yokuza itha kuwerenga zinthu zoti diso silikuona.

Kunena zoona mankhwala omwe FDA, nthambi ya boma la America yoyang'anira mankhwala, inavomereza pa dazi la ku mtundu ndi awiri okha kwa zaka zonsezi, minoxidil wopaka mu 1988 ndi mapiritsi a finasteride mu 1997, ndipo onse awiri anawapeza akuchiza zina, minoxidil anali wa BP anthu nkumamera cheya thupi lonse, finasteride anali wa prostate. Zoti ukasiya zimabwerera nzoona, koma dziwani kuti pafupifupi chilichonse chomwe chikuyesedwa panopa chidzakhalanso chomwecho chifukwa DHT ndi mtundu wanu sizichoka, nde ngati mukudikira chopaka kamodzi nkuiwala mudikira nthawi yaitali uku mizu ikuchepa.

Chikaiko_99:

Ine pang'ono nditsutsane nanu a wa_mu_Labu, osati pa sayansi koma pa kudikirako. Mankhwala kuchoka pa mbewa kufika mu famase zimatenga zaka 10 kapena kuposa, munthu wa zaka 29 akadikire mpaka 40 dazi litamaliza kale ntchito? Nchifukwa chake anthu amagula ufa pa intaneti nkumasungunula okha, ngati RU58841 uja, ndipo ena amati zikuwayendera. Sindikuti ndi nzeru koma ndimawamvetsa.

NaBanda_K:

Kuwamvetsa tonse tikuwamvetsa koma RU58841 yo nde chitsanzo choipa kwambiri achimwene. Anapangidwa ndi kampani ya ku France ya Roussel Uclaf m'zaka za m'ma 1990, anamuyesa pa anyani aja, kenako ntchito yake inaima osafika povomerezedwa kulikonse, ndipo zotsatira zonse za pa anthu sizinasindikizidwe poyera kuti aliyense aziwerenge. Amene akugulitsa pano amalemba pa paketi kuti ndi za kafukufuku basi osati zogwiritsa ntchito pa munthu, dala, kuti zikakuvutani musawagwire. Mulibe njira yodziwira ngati ufa uli m'kathumbamo ndi umenewodi, ngati ndi woyera, kapena mlingo womwe mukupaka. Ndipo omwe amati zikuyenda ambiri amakhala akupakanso minoxidil, akumwanso finasteride, akudzibayabayanso ndi ka rola ka singano kaja, nde chagwira ndi chiti? Omwe sizinawayendere kapena anayamba kumva kugunda kwa mtima salemba, amangochoka mwakachetechete.

Anthu amaganiza kuti chopaka chimathera pakhungu, ayi, china chimalowa m'magazi. Finasteride wopaka amatsitsa DHT ya m'magazi ngakhale kuti si kwambiri ngati piritsi, ndipo mu 2025 FDA inachenjeza za finasteride wopaka wosakanizidwa m'mafamase atalandira madandaulo a kuchepa kwa chilakolako ndi nkhawa. Mzimayi woyembekezera sayenera kumukhudza chifukwa atha kusokoneza kapangidwe ka ziwalo za mwana wamwamuna, nde ganizirani pilo yomwe mukugonera awiri. Olo minoxidil yemweyu, ngati muli ndi mphaka m'nyumba samalani, kadontho kochepa katha kumupha.

Ngati munthu akufunitsitsa zatsopano, njira yabwino ndi kulowa mu kafukufuku weniweni komwe akuyeza magazi nkumakuyang'anira, osati kudzipanga mbewa wekha kubafa.

Dazi_Loyamba:

Ndatsegula ClinicalTrials.gov muja, PP405 ndamupeza koma ma tebulo ake andizunguza mutu, pali pena alemba primary outcome pena secondary outcome, chofunika kwambiri ndi chiti pamenepa? Komanso ngati ndingayambe minoxidil panopa, ndidzijambule bwanji kuti ndidzadziwe ngati ikugwira, poti a Mpala4Life andiopseza kale ndi nkhani ya magetsi ija kkkk

Mpala4Life:

Primary yo ndi imene analonjeza kuti kafukufuku adzaweruzidwa nayo, zinazo ndi zowonjezera, a labu akonza ngati ndaphonya. Za zithunzi nde zanga: malo amodzi, getsi limodzi, tsitsi louma lometedwa saizi imodzimodzi, foni ikhale mtunda womwewo, kutsogolo, m'makona ndi paliwombo, kamodzi pamwezi osati daily mungapenge. Masabata oyamba tsitsi litha kuyoyoka kuposa kale, musathawe, zimachitika ndi minoxidil. Muweruze pakatha miyezi 6, ndipo muyambe chinthu chimodzi chokha osati zitatu nthawi imodzi.